Mgodi Wopanda Mwini

1.
Ulibe mwini, anatero Dorika Kachigamba, ataima pabwalo la sukulu fomu ili m'manja. Thandizo lokonzera malo limapita kumakhonsolo, koma pa migodi yopanda mwini yokhayokha. Wathuwu eni ake anathawa kalekale. Ndiye mwayi wathu umenewo.

Anthu anaomba m'manja. Mkulu mmodzi, a Fulaye Mkwezalamba, sanaombe. Anavala chipewa n'kuchoka msonkhano uli mkati.

2.
Dorika ndiye ofesi yonse ya zachilengedwe kukhonsolo. Katundu wake: tebulo limodzi, mpando wotsamira khoma chifukwa mwendo wachinayi unapuma pantchito, njinga yamoto yolira ikafuna, ndi mutu wouma umene mabwana atatu anayesa kuufewetsa n'kulephera. Ndimamukonda mayi ameneyu, ndisakubisireni.

3.
Mtsinje dzina lake ndi Lisungudzi, koma aliyense amangoti Tiyi, chifukwa cha mtundu wa madzi ochokera kumgodi wakale wa mtovu.

Zimene Tiyi anamaliza:
achule
nkhanu
madimba a kutsidya
mbuzi zitatu za mayi Nachisale
tulo ta amayi a ana odwaladwala m'mimba

4.
Fomu inkafuna mapu a maenje onse, ndipo mapuwo kampani inapita nawo tsiku limene inakweza makina pamalole n'kusiya zipata zili pululu, kotero Dorika anafunsa kulikulu, kulikulu anati funsani kuchigawo, kuchigawo anati amene ankasunga makiyi anamwalira, ndipo tsiku lotseka linali Lachisanu la sabata yachitatu, ndipo pansi pa tsamba lachinayi panali mawu ang'onoang'ono amene iye anawamasulira yekha m'Chichewa n'kuwamata pakhoma

Dzenje losalembedwa silikwiriridwa.

Mwa onse amene analowapo pansi, wamoyo anatsala mmodzi. Wa chipewa uja.

5.
Odi kuno.
Lowani, mayi a kuboma.
Bambo, ndabwera kudzapempha miyendo yanu. Mundionetse maenje.
Maenje a yani?
A mgodi.
Uja wopanda mwini?
Eya, womwewo.
Ndiye kafunseni palibeyo akuonetseni.

Anapitiriza kuswa mtedza ngati alankhula ndi nkhuku.

6.
Wina akanabwera ndi kalata ya chidindo. Dorika anabwera ndi manja. Lolemba anakhala pamphasa n'kuswa nawo mtedza. Lachiwiri mtedza. Lachitatu mtedza, zala zitatupa, fomu osaitchula n'komwe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi a Fulaye anatenga ndodo.
Mukandithera mtedza ndi kudya kwanuko. Tiyeni.

7.
Ankayenda patsogolo, nkhalamba yothamanga kuposa foni imene inkalemba malo. Dzenje lililonse linali ndi dzina, ndipo ankalitchula ngati akuitana ana kusukulu.

Chimeza. Mphuno. Kwa Kapitawo. Weramani. Chakudzanja. Malipiro Mawa. Mpondamatiki. Kamdima. Mkazi Wachiwiri, chifukwa amene analowamo sankafuna kubwerera kunyumba msanga. Nyerere. Ndatopa.

Khumi ndi limodzi.
Atha, bambo?
Atha.
Anayankha akuyang'ana phiri.

8.
Dorika akanatha kukhulupirira. Koma kutatsala tsiku limodzi anavala majombo n'kukwera mtsinje wonse, akuviika timapepala toyezera madzi. Anadutsa Chimeza. Anadutsa Ndatopa, lomaliza lija. Madzi akanayenera kuyera pamenepo. Anafiira kwambiri, akutuluka m'kankhalango kowirira kamene palibe nkhwangwa inakakhudzapo. M'menemo munali dzenje lina.

Bwana wake pafoni: tumizani zomwezo, khumi ndi limodzi n'zambiri, mukufuna tiluze zonse chifukwa cha kadzenje kamodzi?
Bwana, Tiyi akuphikidwira m'menemo. Dzenje losalembedwa silikwiriridwa.
Mayi inu ndinu ovuta.
Zikomo, bwana.

9.
Mayi Nachisale, a mbuzi zitatu aja, anamupeza atakhala pamwala.

Kumeneko musalowe ndi majombo, mwana wanga. Muli Zakeyu, mng'ono wawo wa a Fulaye. Denga linagwa chaka chimene ndinabereka mwana woyamba. Kampani inaikapo lata ndi miyala, basi, sabata yotsatira malole. Mayi awo anakaika thunthu la nthochi kumanda m'malo mwa mwana. A Fulaye sanapiteko kumaliro a nthochiwo. Mpaka lero amalambula kanjira kopita palatapo. Ndiye inu mukaime pabwalo, anthu onse akumva, ati ulibe mwini?

Manyazi. Anamugwira Dorika.

10.
Lachisanu m'mawa Dorika anawapeza a Fulaye m'mphepete mwa kankhalango, khasu lili m'manja. Anavula nsapato. Anakhala pansi, pafumbi, siketi ya kuofesi ndi yomweyo.

Bambo, ndinalakwa pakamwa. Pepani.
A Fulaye anapitiriza kulambula kanjira.
Mgodi ulibe mwini. Koma muno eni ake alipo, ndipo ine ndinalowa osaodira.
Ndiye mukufuna katapila apondeponde pamutu pa mwana wa mayi anga?
Ayi. Ogwira ntchitoyo asabwere ngati aganyu. Abwere ngati adzukulu, okumba ndi okwirira pamaliro. Eni maliro ndinu. Mukapanda kulamula, dothi silisuntha.
Nanga ndikakana?
Nditumiza khumi ndi limodzi, ndipo sindidzakutchulani. Koma ana azimwabe Tiyi.

Mawu omalizawo anawanena mosazungulira.

11.
A Fulaye anayang'ana madzi ofiira akudutsa pafupi ndi mapazi a mayiyo.

Adzukulu amavula nsapato.
Adzavula.
Ndi woyendetsa katapila yemwe?
Ndi iye yemwe.
Hm. Ndiye boma lasintha.

Fomu inkafuna dzina la dzenjelo. Linalibe, anatero a Fulaye, tinali tisanalitche. Lembani Zakeyu. Pamalo ofunsa mwini wa mgodi Dorika anaimitsa cholembera. Lembani palibe, anatero mkuluyo, amenewo anathawadi. Anadinda chala, ndipo njinga yamoto tsiku limenelo inalira atangoiponda kamodzi kokha.

12.
Thandizo linabwera mvula itatha. Maenje khumi ndi limodzi anakwiriridwa ndi phokoso, laimu ndi simenti. Lomaliza linadikira tsiku lake.

Mudzi wonse unabwera. Amayi anaimba za maliro. Woyendetsa katapila, mnyamata wonenepa wa ku Lilongwe, anakhala pampando wake atavula nsapato, injini atazimitsa. Dorika anaima pambali pa a Fulaye, akudikira kuti aponye dothi loyamba monga achitira eni maliro.

Sanatole dothi.

Mayi, anatero motsitsa mawu, anthu amati ndimalondera manda. Iyayi. Denga litagwa, Zakeyu anagogoda. Masiku atatu. Ine ndinkayankha ndi nyundo kuchokera kuno, kumuuza kuti tikubwera. Tsiku lachinayi kampani inatithamangitsa. Ndinamuuza kuti tikubwera, mayi. Munthu ungatseke bwanji pakhomo utamuuza mnzako choncho?

Dorika anasendera pafupi. Anangowagwira mkono pamene ankagwada palata.

Anagogoda ndi ndodo. Katatu.

Nyimbo inaduka. Ana analeka kusewera. Anthu mazana awiri, bwana wa khonsolo ndi tayi yake, onse anatchera khutu ku lata ladzimbiri, ndipo palibe anaona chodabwitsa pamenepo. Anadikira nthawi yaitali ndithu.

Zakeyu, anatero a Fulaye. Tafika. Tachedwa, koma tafika.

Anadzuka, anavula chipewa, n'kutembenukira kwa woyendetsa katapila.

Adzukulu, kwirirani.