Chipilala cha M'kanjira

Bokosi linakana kukhota. Amuna asanu ndi mmodzi amene analinyamula anabwerera m'mbuyo, nayesanso, koma kumutu kunagunda khoma la a Masiye, kumiyendo kukukhula khoma la mbali inayo. Pangodya penipenipo panali chipilala cha njerwa chotuluka m'khoma, chachifupi, chosafika pamwamba. Ndicho chinadya malo okhotera.

Amayi a Mvano anapitiriza nyimbo pang'ono, kenako mawu anayamba kuthothoka mpaka onse anangoti zii.

"Tsamiritsani apo kaye, mapewa atha," anatero mmodzi wa onyamulawo.

Anasanjika kumutu kwa bokosi pa chipilalapo, napuma. Tusekele anaima kumbuyo kwawo, mwana wake Mwiza ali kumsana, akuyang'ana bokosi la bambo ake litatsamira pa njerwa zimene iwo eni anamanga. Lole inali kudikira kumsewu, injini ikulira. Amunawo ananong'onezana, ndipo pamapeto pake anachita chimene aliyense ankaopa kuchitchula. Analiimika chilili ngati kabati, n'kulizunguliza pang'onopang'ono. Tusekele anamva kuti gu! m'katimo.

A Laws Mwangosi anali mmisiri womanga nyumba. Anachoka ku Karonga pamene mzinda wa Lilongwe unkamangidwa, ndipo anafika ku Chinsapo kukadali minda ya chimanga ndi nyumba zowerengeka. Tusekele ali wamng'ono, lole ya mchenga inkafika mpaka pakhomo pawo. Kenako anthu anachuluka. Amene anali ndi kangachepe anagula malo kwa amene analibe, ndipo chifikire matipate aliyense anayamba kuzinga pake ndi mpanda wa njerwa, pamwamba n'kuzika mabotolo osweka. Mipanda yambiri anamanga ndi a Laws omwewo. Wawo wokha sanamange.

Chotero chimene chinatsala ndi kanjira. Kankachokera kumsewu, kumene kunali mpope wa madzi ogulitsa, n'kudutsa pakati pa makoma awiri ataliatali, n'kukhota pa chipilala paja, n'kutulukira pabwalo la a Mwangosi. Kuchokera pamenepo kankatsetsereka kumka ku nyumba za kudambo, kumene mabanja pafupifupi makumi atatu ankakhala m'tinyumba ta lendi. Madzi onse akumwa a kudamboko ankadutsa pabwalo la a Mwangosi ali pamitu ya amayi.

Patapita masiku atatu chiikire maliro, anthu a kumudzi anali atabwerera, kupatula bambo aang'ono, a Kings, mng'ono wa malemuyo. M'mawa umenewo anakhala pansi pa mgwafa pamodzi ndi Wakisa, mchimwene wake wa Tusekele, amene ankagwira ntchito ku Kanengo n'kumakhala ku Mgona. Mpando wachitatu anakhalapo a Masiye, oyandikana nawo, eni maminibasi anayi. Tusekele anabweretsa tiyi, nagwada, nayamba kuthira.

"Ine zandikhudza, abambo," a Masiye ankatero. "Munthu amene anandimangira mpanda kutuluka m'nyumba mwake chonchija? Ayi. Ndiye ndati tithandizane. Khoma langa la m'kanjiramu ndigwetsa, ndilisunthire m'kati mwanga, mpaka galimoto izilowa kufika pakhomo panu. Geti yachitsulo ndikuikirani ndekha. Inu mungondipatsa kachigawo ka kuseriku, kotsetserekaka, ndimangepo garaja. Palibe wotulutsa ndalama. Malo kusinthana ndi malo."

Amayi awiri anadutsa ndi ndowa kumutu, napinda mawondo pang'ono popereka ulemu. A Kings anawatsata ndi maso mpaka anazimiririka kuseri kwa nyumba.

"Pakhomo pa munthu kapena pa depoti?" anafunsa. "Chifikire ine ndawerengapo anthu mpaka ndatopa."

"Kuseriko mukatseka, a kudambo adzera kuti?" Tusekele anafunsa, maso ali pa tiyipoti.

Amunawo anakhala ngati sanamve. Tusekele anafunsanso.

"Azizungulira," anatero a Masiye mofatsa. "Njira ilipo, ya kumaenje a njerwa."

"Ya kumaenjeyo ndi ola lathunthu kupita ndi kubwera. Nthawi ya mvula m'maenjemo mumadzaza madzi. Ana amene amatumidwa kukatunga ndi a zaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo benchi yanga ya tomato ili apoyi, ogula ndi omwewa. Akasiya kudutsa ndizigulitsa kwa ndani, kwa geti?"

A Masiye anaseka pang'ono, koma a Kings anaika kapu pansi.

"Tusekele, unaliona bokosi lija?"

"Ndinaliona, bambo."

"Unamva mmene linalirira m'katimo? Mkulu wanga, mkulu wa mpingo, kumuimika ngati akukagulitsidwa pa okushoni. Anthu a ku Karonga akakamba chiyani? Ine ndalumbira. Wina akadzamwalira m'nyumba muno, adzatuluka chogona."

"Njinga ya bambo yabedwa tsiku la maliro lomwelo," anawonjeza Wakisa. "Ife tili kumanda, munthu wangolowa, n'kutulukira kudambo. Ukanakhala mpanda sizikanachitika."

"Bambo ankamanga mipanda tsiku ndi tsiku. Akanaufuna akanaumanga."

"Bambo anali atakalamba," anatero Wakisa. "Taona chipilala chija. Chinthu chosamaliza, chopanda ntchito."

"Makwerero a akuba amenewo," a Masiye anavomereza. "Ndinawauza kangapo kuti achigwetse kapena achifikitse pamwamba. Ankangoti mawa, mawa."

"Amayi a kudambo amatulirapo ndowa," anatero Tusekele.

"Basi!" A Kings anamenya bondo. "Lero ndiwe wodziwa zofuna za bambo ako? Ukanazidziwa bwenzi utamaliza sukulu. Unawabweretsera mimba uli Fomu 2, mpaka anakhala miyezi isanu ndi umodzi osakulankhula. Anandilembera kalata ine, ndikadali nayo. Chotsa makapuwa."

Tusekele anasonkhanitsa makapu. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo palibe pa Chinsapo amene sankazidziwa. Mayi ake anali atamwalira kale nthawi imeneyo, choncho m'nyumbamo munali anthu awiri okha, wina osayang'ana mnzake. Iye ankasesa, kuphika, kutunga madzi ndowa zisanu ndi zitatu pa tsiku, mimba ili kutsogolo. Bambo ake ankadya n'kutsuka m'manja n'kutuluka. Mwiza atabadwa, bambowo anayambanso kumulankhula, koma za mchere, za sopo, za denga lodontha. Tusekele anadikira zaka zitatu kuti tsiku lina adzanena mawu ena. Bambo akewo anadwala masiku anayi okha, ndipo mawu awo omaliza kwa iye anali akuti alowetse wilibala, kukubwera mvula.

Madzulo ake anaperekeza Wakisa kokakwera minibasi. M'kanjiramo sankatha kuyenda mogundizana mapewa, choncho ankalankhula ndi msana wa mchimwene wake.

"Achimwene, pepala la a Masiye losinthana malo musasaine. Dzina lanu ndi limene likufunika, osati la bambo aang'ono. Iwo Loweruka akwera basi, sadzabweranso mpaka maliro ena."

"Ndasaina kale."

Tusekele anaima.

"Masana, uli kuchigayo," anatero Wakisa osatembenuka. "Tuse, tamvera. Ukuganiza kuti ife tikakana zithera pomwepo? Taona uku khoma, uku khoma. Chaka chamawa a Masiye angotseka kumsewuko, ife n'kumachita kupempha podutsa. Bola pano tikupezapo geti. Mzinda ukukula, sungaugwire ndi manja."

"Nanga amake Jemima a kudambo aja ndikawauza chiyani? Anagona pansi m'nyumba mwathu masiku atatu. Nkhuni zonse za pamaliro anasenza ndi iwo."

"Uwauze kuti wasaina ndi ine."

Minibasi inabwera, kondakitala akukuwa za m'tauni. Wakisa anakwera osayang'ana m'mbuyo.

Sanafunike kuuza aliyense. Pofika Lachinayi kudambo konse kunali kutadziwa. Amayi ankadutsabe, koma moni anachepa. Ena anayamba kutunga kawirikawiri, kudzaza migolo, mabeseni, mapoto, ngati madzi angasungike chaka. Pa benchi ya Tusekele tomato anayamba kufewa. Mayi wina anamutola, namuyang'ana, namubwezera.

"Tizikagula kumene tizikadutsa," anatero.

Lolemba m'mawa kunabwera amisiri atatu a a Masiye ndi nyundo zikuluzikulu. Anayamba ndi kuseri. Anakhoma zikhomo, nakoka chingwe kudutsa pakamwa pa njira yotsetserekera kudambo, m'munsi mwa mawondo. Mchenga ndi njerwa zinali zitatsitsidwa kale mbali ya a Masiye.

Tusekele anatenga ndowa kupita kumpope. Pobwerera anakumana ndi a Vaileti, amake Jemima, mayi wamtali wa ku Thyolo amene anakhala kudambo zaka khumi ndi ziwiri. Anali ataima pangodya paja, ndowa yawo ili pa chipilala, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Ulendo womaliza uno, make Mwiza," anatero. "Andiuza kuti ndifulumire, akufuna kuthira simenti."

"Pepani, amayi. Ndinayesa."

"Ndikudziwa. Khoma lili ndi makutu ngati? Ife tizizolowera. Amuna anga akuti mwina tisamukire ku Kauma, kaya kumeneko atisiya zaka zingati." Anamenya chipilalacho ndi chikhatho. "Ichinso akuti chigwa lero?"

"Akuti ndi choyamba kugwetsedwa. Akuti bambo analakwitsa."

A Vaileti anamuyang'ana modabwa.

"Analakwitsa? Iwe, sunadabwepo kuti ife atalife timachita kupinda mawondo potula apa? Msana wanga wakhala ukudandaula zaka zitatu."

"Njerwa zinawathera, ndi mmene ndinkamvera."

"Njerwa kuthera a Mwangosi? Ine ndinalipo, mwana iwe. Ndinali nditaima pomwe waimapo, ndikuwapempha moto wa fodya wa amuna anga. Khomali linali lisanapakidwe pulasitala. Iwe unatulukira uko ndi ndowa, mimba yafika apa, miyendo yotupa ngati mitondo. Unaima pangodya pano, ukufuna kutula, koma unaona kuti ukatula pansi palibe wokusenzetsa. Unangopuma choimirira, khosi likunjenjemera. Iwo ali pamwamba pa thabwa, osakuyang'ana, nkhope ngati mwala. Utangodutsa anatsika. Anatola khala pansi n'kulemba mzere pakhoma, pamene panafika tako la ndowa yako. Kutacha tinapeza chipilala."

Tusekele anatembenuka kuyang'ana chipilalacho. Madzi anatayikira pang'ono paphewa pake.

"Ndinawafunsa kuti abambo, mwamangira mwana? Anandikalipira. Akuti mayi, khoma lalitali limafuna chogwiriziza, musandiphunzitse ntchito." A Vaileti anaseka, kenako anapukuta m'maso. "Chogwiriziza chake chimodzi chokha, khoma lonseli."

Kuseri kunamveka mawu a mmisiri. "Amayi a ndowa, tikutsekatu!"

A Vaileti anakonza nkhata, napinda mawondo, nakokera ndowa pamutu. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo, pafupi ndi mgwafa, pafupi ndi benchi ya tomato. Pa chingwe paja anakweza mwendo umodzi, kenako winawo, madzi osatayika, natsetsereka osacheuka. Kumbuyo kwawo mmisiri anakhuthula wilibala ya simenti.

Wina wa amisiriwo, bambo wa chipewa chong'ambika, anabwera m'kanjiramo nyundo ili paphewa. Anaima ataona Tusekele.

"Mwatha, achemwali? Tikufuna tiyambe apa."

"Dikirani pang'ono."

Anasendera kufupi ndi chipilalacho monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka zitatu, osaganizako. Sanapinde mawondo. Sananyanyamphire. Anangoweramitsa mutu pang'ono, ndipo ndowa inatsetsereka yokha kuchoka pa nkhata, n'kukhala pa simenti yosalala ija popanda dontho kugwa. Khosi linapepuka.

Anaima pomwepo, chipumi chitatsamira pa njerwa zonyowa. Mmisiri uja anayang'ana ndowa, nayang'ana mutu wa mtsikanayo, natsitsa nyundo pansi, n'kudikira.