Chigayo cha Mayi Zubeida

Lachisanu pa 9 Juni 2023, Wallace Jere anachotsa dzina la Nesta Mkandawire pa nyimbo ya rapu ya "Utuchi" n'kuikapo la Leah, chibwenzi chake. Mawu a Nesta okhawo sanathe kuwachotsa.

Wallace ankadzitcha mwini kampani yojambula nyimbo. Kampaniyo inali kachipinda kuseri kwa msika wa Mzimba, makoma omatidwa matileyi a mazira, laputopu imodzi, ndi Jabir Saleh amene ankaumba mabiti ndi kujambula mawu. Kuseri kwa khoma kunali chigayo cha Mayi Zubeida. Chikalira, maikolofoni sinkamva china koma chimanga, choncho Jabir ankajambula pokhapokha magetsi akathima, pogwiritsa batire ya galimoto. Mzimba yense akamadandaula mdima, iwo ankathamangira kuntchito.

Nesta ankacheka matabwa ku Luwawa, kumene macheka anamudula zala ziwiri. Anajambula nyimboyo Lachiwiri pa 14 Malichi, kamodzi kokha, osabwereza. Itatsala pang'ono kutha magetsi anayaka, chigayo chinadzuka ndi mkokomo wake, Nesta n'kuphulika kuseka. Jabir anazisiya momwemo, pa mphindi ziwiri ndi masekondi khumi ndi limodzi. Achinyamata anakonda pomwepo.

Nyimbo itayamba kumveka m'maminibasi, Wallace anaganiza za vidiyo.

"Mkazi wa zala zitatu angagwire maiki pa kamera?" anatero. "Utuchi m'tsitsi. Ayi ase. Leah aimbenso."

"Leah saimba, bwana," anatero Jabir.

"Iwe ntchito yako n'chiyani? Umukonza pa kompyuta."

Anadikira kuti magetsi athime. Sabata zitatu za Juni sanathime masana ngakhale kamodzi. Inali nyengo yokolola, amayi ali pamzere ndi matumba mpaka kumsewu. Wallace anavala magalasi akuda n'kukapempha Mayi Zubeida kuti azimitse chigayo ola limodzi.

"Uwauze wekha amayiwa kuti ana awo adya rapu," anatero Mayi Zubeida, osamuyang'ana n'komwe.

Ndiye vidiyo inajambulidwa choncho: Leah akuyendetsa milomo pa mlatho, mawu ali a Nesta. Anthu akamufunsa za mkokomo wa kumapeto uja, Wallace ankati ndi makina apadera a ku Joni. Jabir ankamva n'kumangopukuta laputopu. Iye ankalemba tsiku ndi ola pa fayilo iliyonse, ndipo bodza lopanda tsiku linkamunyansa kuposa bodza wamba.

Nesta anafika pa 27 Juni atakwera lole ya matabwa. Anapeza Wallace atakhala pakhomo, miyendo pa mpando.

"Adada a kampani, monile. Ndamva kuti ndamera zala zisanu ndipo ndayera chomene."

"Mlongo, izi ndi za bizinesi. Sungazimvetse."

"Dzina langa lili kuti?"

"Nyimbo ndi ya kampani. Iwe unangoyeserera, Leah ndiye anaimba yeniyeni. Funsa Jabir."

Onse anatembenukira kwa Jabir. Nesta sanakweze mawu.

"A Jabir, ndapota. Nenani tsiku lokha."

Jabir anadziwa kuti laputopuyo ndi ya Wallace, batire ya Wallace, ngakhale mpando umene anakhalapo. Anatulutsa sipika panja, n'kuiika pa thumba la chimanga, n'kutsegula fayilo ya pa 14 Malichi yosakonzedwa, yopanda biti. Mawu a Nesta anamveka okhaokha pamzere wonse wa amayi. Kenako chigayo, kenako kuseka, kenako zimene Jabir anadula pa nyimbo yotuluka: Nesta akukuwa, "A Zubeida, mwatiphera nyimbo!"

Mayi Zubeida anatuluka ufa uli m'nsidze.

"Chimenecho n'changa. Lamba wake ankalira choncho ndisanamusinthe mu Epulo. Joni wake uti?"

Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anafunsa Wallace ngati ku Joni amagayitsanso mgaiwa. Wallace anazula waya, n'kupinda laputopu, n'kuiika m'khwapa.

"Wachotsedwa ntchito," anauza Jabir.

"Nthawi ili 3:40," anatero Jabir. "Mulembe."

Wallace sanafunse ngati fayiloyo ili kwinanso. Inali pa kamemori kadi kamene Jabir anapatsa Nesta, Nestayo n'kukakulunga m'mpango pobwerera ku Luwawa madzulo omwewo. Pa 30 Juni anakatumiza kwa mnyamata woulutsa nyimbo pa wailesi ina ya m'deralo. Iye anayankha kuti amvera akapeza mpata.

Loweruka pa 8 Julaye Leah akuyembekezeka kuimba "Utuchi" pa bwalo la ku Euthini, ndipo okonza mwambowo anena kuti aliyense aimbe ndi pakamwa pake. Pa mapepala omatidwa m'mitengo, dzina la Nesta palibe.