Mabatani Awiri a Kumanzere

"Ichi ndiye chikupita kudzala," anatero mlongo wamkulu wa a Kalipentala, atanyamula kamakina ka gemu ndi nsonga za zala ngati agwira khoswe wakufa.

A Kalipentala anangoima pakhomo pa shopu ya mng'ono wawo, dzanja lamanzere lili m'thumba. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro, ndipo mwini nyumba ankachifuna chipindacho pofika Lachisanu. Malemuyo anthu ankangomuti Fyuzi, chifukwa kaya umubweretsere wailesi, tivi, ngakhale ayironi, mawu ake oyamba anali omwewo: "Mwina ndi fyuzi." Mkazi wake anali atakhala pansi pakati pa makatoni, akusanja katundu wa makasitomala. Ntchitoyo sinali yovuta, poti Fyuzi chilichonse chomwe wakonza ankamata kapepala m'kati mwake, n'kulembapo tsiku ndi vuto lomwe analipeza.

"Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu kumaseweretsa tizidole ta pa tivi," mlongoyo anapitiriza. "Ndi inu nomwe, achimwene. Munkandichititsa manyazi nonse awiri."

"Si tizidole," anatero a Kalipentala.

Zoonadi sitinali tizidole. Inali gemu ya malupanga, yakalekale, anthu ake a makonamakona ngati owasema ndi chikwanje. Anyamata a masiku ano akaiona ankafa ndi phwete. Koma ochepa omwe ankaidziwa ankaikonda mochita kupenga nayo, chifukwa m'menemo munalibe zoti umenye munthu kakhumi iye n'kumadzukabe. Lupanga likakupeza pabwino kamodzi kokha, basi, zako zatha. Likakupeza mwendo, umatsimphina mpaka ndewu ithe. Fyuzi ankatenga lupanga lopyapyala, a Kalipentala nyundo yaikulu, ati ndiye chida chomwe ankachidziwa. Loweruka lililonse masana ankatseka chitseko theka, n'kukhala pa benchi imodzi, ndipo ankhondo awo ankayamba aweramirana asanaphane.

Kenako, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, macheka a magetsi anawadula a Kalipentala zala ziwiri za kumanzere, cholozera ndi chapakati. Zala zomwezo ndi zomwe zimadina mabatani awiri a pamwamba pa padi loseweretsera gemuyo, batani lotchingira ndi lozembera. Atatuluka m'chipatala anabwererabe pa benchi paja, n'kuphunzira kumenya nkhondo popanda kutchinga. Ndipo ankawina ndithu, mwina theka la ndewu zonse. Kunena zoona, m'zaka zimene manja awo ankalephera ngakhale kumanga batani la malaya, kuwina kumeneko n'komwe kunkawakumbutsa kuti akadali munthu.

Miyezi itatu yapitayo ndi pomwe zinavuta. Anazindikira mwadzidzidzi, pakati pa ndewu, kuti Fyuzi satchinga. Anayesa kukumbukira tsiku lomwe anamuonapo akutchinga, koma silinapezeke.

"Iwe, ukundimvera chisoni eti?" anamufunsa. "Zaka zonsezi wakhala ukundisiyira dala?"

Fyuzi anangoseka, muja ankachitira akasowa chonena. A Kalipentala anaponya padi pansi n'kutuluka, osabwereranso. Foni ikalira ankangoiyang'ana. Atabwera kudzamuonanso mng'ono wawo, anamupeza ali m'bokosi. Tsopano funso lija linali litawakhala pakhosi, woliyankha palibe.

"Ndipatseni kaye," anauza mlongo wawo.

"Mukufuna muyambe kusewera pano? Anthu akutiona, achimwene!"

"Asiyeni, alamu," anatero mkazi wa malemu osadzutsa mutu. "Tivi ya pakonayo imayaka."

A Kalipentala analumikiza mawaya. Kanyimbo ka gemuyo kanalira. Mapadi anali awiri: lawo loyera, ndi la Fyuzi lokulungidwa tepi yakuda, lomwe mwiniwake sankalola munthu kuligwira. Anatenga lakudalo. Ndi chala cha kumanja anadina batani lotchingira. Wankhondo wa pa tivi anangoima chilili. Anadina lozembera. Zii.

"Lafa ili," anatero.

"Mwaonatu, n'zinyalala," anatero mlongoyo.

Koma a Kalipentala ankamudziwa mng'ono wawo. Munthu yemwe ankadzuka pa chakudya kukakonza swichi ya eni ake akanasiya padi lake lili lakufa? Anatenga sikuludiraiva pa tebulo, n'kulipanikiza padilo pakati pa mawondo. Timasikulu tinali tisanu ndi kamodzi, ndipo ndi dzanja lotere zinatenga nthawi. Palibe anawathandiza, ndipo anayamikira mumtima.

M'katimo munali mwaukhondo. Timawaya tiwiri topita ku mabatani a kumanzere tinali todulidwa bwinobwino, nsonga zake zitakulungidwa tepi kuti zisakhudzane. Sitinaduke tokha ayi, inali ntchito ya pulayala.

"Anadula inu mukadali m'chipatala," anatero mkazi wa malemu. Tsopano anali atasiya makatoni aja. "Poyamba anati azingopewa kudina, koma ati zala sizimva, ndewu ikafika povuta zimadina zokha. Ndiye anati bola kungodula."

"Ndiye kuti ankandisiyiradi."

"Kukusiyirani? Alamu, inu simunkawaona akafika kunyumba. Mukawagonjetsa ankalowa m'nyumba ngati wina wawatukwana. Chakudya osachikhudza, ine n'kumafunsa kuti kodi ndalakwanji, iwo ati nyundo, nyundo ija yandipezanso. Pakati pa sabata makasitomala akachepa ankayeserera okha kuti Loweruka akakubwezereni. Munthu wosiyira mnzake dala amatero?"

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Ati mukadziwa mukwiya." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, uku akuseka pang'ono. "Ndiye mwaona, munakwiyabe."

A Kalipentala anafuna kuseka nawo koma chinatuluka n'china. Chisoni chinawagwira, ndi manyazi omwe, pokumbukira foni ija ikulira iwo n'kumangoiyang'ana. Mlongo wawo anakhala pa benchi pambali pawo.

Potembenuza chivundikiro cha padi kuti abwezeretse, anaona kapepala kachikasu katamatidwa m'kati. Panali tsiku, mwezi ndi chaka chomwe chija cha macheka. Pansi pake panali zilembo za Fyuzi, zing'onozing'ono zopendekera kutsogolo. Magalasi anali atawaiwala kunyumba, choncho anapatsira mlongo wawo.

Mlongoyo anakatalikitsa kapepalako, n'kuwerenga mokweza ngati akuwerenga mapepala a makasitomala.

"Vuto: zala zanga zachuluka ndi ziwiri." Anatsokomola. "Ndakonza."

A Kalipentala anatseka padilo, n'kumanga timasikulu tonse kamodzikamodzi. Kenako anatulutsa mpango m'thumba, napukuta fumbi pa kamakina kaja. Mlongo wawo anadzuka, anakhuthula katoni imodzi yabwino, n'kuiika pa mapazi awo.