Anandiyeza pa Thabwa la Nsomba

Ndalota ndabwerera m'sitima yofufuza za nsomba ija, momwe ndinkagwira ntchito ndisanayambe kugulitsa kaunjika mu Limbe muno. Mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Tinali pakati pa nyanja yamchere, mtunda osaoneka. Khoka linatuluka likudontha, fungo la dizilo ndi mamba lili guu. Ntchito yanga inali yakale ija, yosankhula nsomba kuti akatswiri aziyeze. Koma m'khokamo munali majekete onyowa, akuphiriphitha ngati amoyo. Kenaka ndinangopezeka ndagona pa thabwa loyezera, Mayi Nasibeko, mkulu wa ofufuza, atandiweramira, pensulo ili kukhutu.

"Wachepa uyu," anatero. "Mbwezereni m'madzi."

"Mayi, onjezaniko pang'ono! Mwayambira pakhosi, mutu mwausiya."

"Achimwene, pa thabwa ili palibe kunenerera."

Ine amene ndimagulitsa jekete laubweya mu Okutobala, ndinayamba kuchonderera. Ndinalonjeza kukolopa ndi kutsuka mabeseni onse, bola ndikhale. Anzanga analipo onse ndi majombo awo achikasu, akumwa tiyi, akuseka monga tinkasekera kale. Anandinyamula mwaulemu ndithu, n'kundiponya.

Madziwo anali ofunda. Ndinkangoona mimba ya sitima ikutalikira, injini ikugunda ngati mtondo wa kumudzi wina.

Kaya malotowa akuti chiyani. Zoona zake n'zakuti palibe anandiponya. Ndinatsika ndekha padoko, ndikuti malipiro achepa, ndikuyenda pang'onopang'ono monga amachitira wogula wochenjera, kudikira kuti andiitane. Sanandiitane.