Galimoto Pageti

Tsiku limene ndinkachoka pabanja, amuna anga anaimika galimoto yawo pageti penipeni, kenaka anachotsa batire n'kukabisa kuchipinda. Lole imene ndinachita hayala inali mkati mwa mpanda, itanyamula kale katundu wanga. Potulukira panalibe.

Anakhala pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, akusenda lalanje.

"Pita tione," anandiuza. "Imeneyo ndi otomatiki. Popanda batire giya sichoka pa P, ngakhale uitane anthu khumi."

Nzeru zonse za bamboyu zinathera pamenepo. Zaka zisanu ndi zitatu tili limodzi, sanaganizepo chinthu mozama ngati mmene anaganizira zonditsekera njira.

A dalaivala a lole anayesa kukankha, galimoto osasuntha. "Mayi, ikakwana teni ine nditsitsa katunduyu," anatero. "Ndili ndi ntchito ina."

Ndinkadziwa kuti katunduyo akangolowanso m'nyumba, achibale abwera kudzandinyengerera, ndipo sindidzatulukanso.

Chimene amuna angawo anaiwala n'chakuti galimotoyo iwo ankangoiyendetsa. Woitsuka Loweruka lililonse ndinali ine. Ndine ndinkatolamo mapepala a maswiti ndi ndolo zosakhala zanga, n'kumachotsa fumbi m'makona ndi mswachi wakutha. Pambali pa giya pali kachivindikiro kakang'ono ngati chikhadabo. Tsiku lina kanatukuka ndikupukuta, ndiye ndinakafunsa a makaniko ntchito yake.

Chitseko chinali chosakhoma. Batire atachotsa, rimoti inaleka kugwira, ndipo munthu wozolowera kungodina sanakumbuke kuti kiyi amakhomanso pamanja.

Ndinalowa, ndinatukula kachivindikiroko ndi pini ya m'tsitsi, n'kudina kabatani kamkati phazi lili pa buleki. Giya inatsetsereka mpaka pa N. Ndinatsitsa handibuleki.

"Kankhani tsopano, a dalaivala."

Galimoto inabwerera m'mbuyo mosanyinyirika mpaka mumsewu. Amuna anga anadzambatuka.

"Zimenezi wazidziwira kuti iwe? Wakuphunzitsa ndani?"

Sabata yonse ndikulongedza zovala akuona, sanandifunsepo chifukwa chimene ndikuchokera. Funso lawo loyamba linali limenelo.

Lole italira, ndinaima pang'ono pachitseko cha loleyo, phazi limodzi pansi. Ndivomere, ndinali ndikudikirabe, mwina anena kanthu. Nditacheuka ndinangoona nsapato zawo zitatulukira kunja kwa galimoto. Anali atagwada pampando, akufunafuna kachivindikiro kawo.

"Tiyeni, a dalaivala," ndinatero.