Nkhope ya Salome pa Chitini cha Mafuta

Salome anapita kusitolo ya a Athumani ku Lirangwe kukagula mchere, ndipo kumeneko anaona nkhope yake pa chitini cha mafuta odzola. Zinali m'zaka za Chitaganya, pamene katundu watsopano ankabwera pa sitima pafupifupi mwezi uliwonse. Zitinizo anaziika mumzere pashelefu. Pa chivindikiro chilichonse anamatapo pepala la chithunzi: mkazi ataima mokhotetsa chiuno, atavala kachikopa ka kambuku kosakwana n'komwe kumanga duku, pachifuwa timikanda tokha. Pansi pake analemba kuti Mfumukazi.

Thupilo silinali lake. Koma mpata wa pakati pa mano unali wake, ndi mphini za patsaya lamanzere zimene anamutema azakhali ake, monga ankachitira makolo awo asanachoke kwa Apwitikizi.

A Athumani anaona kumene maso ake anali. Anatenga chiguduli, n'kuphimba shelefu yonseyo, kenako anamuyezera mchere mosamala ngati palibe chimene chachitika.

Pakhonde panali amuna akusewera bawo. Salome akutuluka, mmodzi anafuula:

"Alamu! Kambuku uja mwamusiya kunyumba lero?"

Anzake anaseka. Salome anakokera duku lake kumaso, n'kuyenda osacheuka.

Anadziwa amene anajambula. Mlongo wake wamng'ono, Dyton, ndiye ankalemba zikwangwani za masitolo kuyambira ku Lirangwe mpaka ku Mdeka. Dyton anali ndi luso, koma sankatha kujambula nkhope ya m'mutu. Ankafuna munthu akhale patsogolo pake. Nthawi yokolola anabwera n'kumupeza Salome akutonola chimanga, ndipo anamupempha kuti akhale chete pang'ono. Anati chithunzicho atumiza kwa alamu ake a Solomon, amuna a Salome, amene ankagwira ntchito m'migodi ku Joni. Salome anavomera, mpaka anamwetulira.

Tsopano a Solomon anali pafupi kubwera. Ankayembekezeka kutsika pa ndege ya anthu a kumigodi ku Chileka mwezi ukamatha, ndipo pafupi ndi chipata cha bwalo la ndege panalinso timasitolo togulitsa mafuta omwewo.

Salome anamupeza Dyton kuseri kwa nyumba akutsuka maburashi.

"Dyton, chithunzi changa chija chinafika ku Joni?"

Dyton sanadzutse mutu. "Achemwali, khalani pansi."

"Ndiima. Yankha."

"A Frazer, amene amabweretsa mafutawo, anandipatsa kabuku ka zithunzi kochokera ku Joni. Munali mkazi wa m'nkhalango wovala chikopa. Anati ndijambule yemweyo, koma nkhope ikhale ya kwathu kuno kuti anthu agule. Ine nkhope imene ndinali nayo inali yanuyo."

"Ndiye unandivula."

"Thupilo si lanu, achemwali. Aliyense angaone kuti n'zongopeka."

"Mphinizo n'zongopekanso? Ndani wina kuno ali nazo patsaya ili?"

Dyton anapitiriza kutsuka maburashi. Anazijambula chifukwa dzanja lake linazolowera kusasiya chilichonse chimene maso aona.

"Amayi akanakhala moyo ukanawaika iwo?" anafunsa Salome. Sanadikire yankho.

Lamulungu ku tchalitchi, mkulu wina anamuitanira pambali. Anati ayambe wasiya kutsogolera nyimbo za amayi mpaka akulu aione bwino nkhaniyo. Sanamufunse ngati anavomera kujambulidwa chotero. Salome atalowa, amayi a pa benchi yake ya masiku onse anatambasula zilundu zawo kuti malo asaoneke. Amene anasendera anali mayi Emily okha, ndipo anamugwirizira buku la nyimbo kuti aziona onse awiri.

Mayi Emily anali mlangizi wa amayi. Ankayenda pa njinga m'midzi ya ku Kuntaja ndi ku Lirangwe kuphunzitsa kusoka ndi kusamala ana. Nyumba yawo inali kutsidya kwa munda wa Salome. Mawa lake masana anabwera ndi nandolo m'lichero, n'kukhala pansi kumasenda ngati angobwera kudzacheza.

"Ndamva kuti mukufuna kupita kwa azakhali anu ku Madziabango," anatero.

"Ndikabisale kaye. Bambo akafika asandipeze. Sindingathe kuwayang'ana kumaso."

"Mukathawa, anthu adzati munadziwa. Ndikufunseni, Salome. Munavomera chiyani?"

"Kuti ajambule nkhope yanga, atumize kwa amuna anga."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye zina zonsezo anakuberani. Munthu akakubwerekani khasu kuti akalimire, n'kukathyolera nalo nyumba ya wina, wakuba ndi inu? Manyazi awa si anu. Ali ndi eni ake awiri, wojambula ndi wogulitsa. Tiwabwezere."

"Ine ndani kuti ndikalimbane ndi a Frazer? Munthu wa galimoto."

Mayi Emily anaseka pang'ono. "Mafuta amenewa amadzola ndani? Amuna a pabawo aja? Iwowo amangoyang'ana chivindikiro. Ogula ndife. Tisanawadziwe mafuta a m'chitini tinkadzola a nsatsi, ndipo sitinasweke khungu."

Salome anapemphera mwachidule m'mtima, monga ankachitira nthawi zonse asanayambe chinthu cholemera. Kenako anamasula kamtolo ka zovala kamene anali atamanga kale.

Mayi Emily anayamba ndi Dyton. Anamuuza kuti kulira kuseri kwa nyumba sikuyeretsa dzina la mlongo wake. Anayenera kukanena pamene anthu anamvera bodzalo. Dyton anapita kwa akulu a tchalitchi atanyamula kabuku ka ku Joni kaja ndi pepala loyamba limene anajambulapo nkhope ya Salome atavala bulauzi ndi duku. Anaziika pamodzi patebulo. Akuluwo anaziyang'ana nthawi yaitali. Anamubwezera Salome udindo wake wa nyimbo, ngakhale palibe amene anati pepani.

Kenako mayi Emily analankhula ndi amayi a m'magulu awo osoka. Ena anakana. Mayi wina, Connie, anati, "Fungo lake ndi labwino, ndipo si ine ndili pachitinipo."

"Lero ayi," anayankha mayi Emily. "Koma mwana wanu wamwamuna akuona chitinicho pawindo panu m'mawa uliwonse. Akuphunzira kuti mkazi ndi chinthu choika pa katundu kuti agulike. Mawa adzayang'ana mwana wa mnzanu ndi maso amenewo, ndipo wina adzayang'ana wanu."

Tsiku lotsatira Connie anatumiza nsatsi kwa Salome m'kambale, popanda mawu alionse.

Amayi anayamba kukazinga ndi kusinja nsatsi. Zitini zinangokhala pamashelefu kumachita fumbi. A Athumani anaziika zonse m'katoni, ndipo eni masitolo a ku Mdeka ndi a pachipata cha ku Chileka anachitanso chimodzimodzi.

A Frazer anabwera ku Lirangwe tsiku la msika, atakwiya. Anapeza amayi atakhala pakhonde la sitolo, pamalo pamene pankakhala a bawo.

"Kodi mwayamba ndale, amayi inu? Chithunzi chimaluma? Ku Harare ndi ku Joni amagulitsa chonchi. Ndicho chitukuko."

Salome anaimirira. Mawu ake anali otsika moti anthu anachita kukhala chete kuti amve.

"Bambo, ndiyang'aneni. Mukundidziwa?"

A Frazer anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

"Mwandinyamula m'galimoto yanu dziko lonseli, koma moni simunandipatsepo. Dzina langa ndine Salome. Ndili ndi mwamuna ndi ana. Sindinavomere zimene munachitazi, ndipo ndikufuna muzichotse."

"Chabwino, chabwino," anatero a Frazer. "Mnyamatayu ajambule nkhope ina, yosadziwika. Zovala zikhale zomwezo."

Dyton, amene anaima kumbuyo, anapukusa mutu. "Ine sinditha kujambula nkhope ya m'mutu, bwana. Nkhope iliyonse imene ndingaike idzakhala ya mwana wa munthu."

"Ngakhale akanatha," anawonjezera mayi Emily, "sitikanagula. Mukugulitsa mafuta kapena mukugulitsa mkazi? Ngati ndi mafuta, tionetseni mafuta."

A Frazer anayang'ana makatoni obwezedwa aja, n'kuvomera. Amayi anabweretsa mabeseni a madzi, n'kunyika zivindikiro mpaka mapepala anamatuka. Salome yekha sanagwire. Anangokhala n'kumaona nkhope yake ikusungunuka m'madzimo. Chithunzi chatsopano chimene Dyton anajambula chinali cha duwa.

Koma a Frazer ananenanso chinthu china asanakwere galimoto. Zitini zina zinali zitapita kale kutali, kunja kwa Nyasalandi, ndipo zimenezo panalibe wokazibweza.

Tsiku la ndege, Salome anavala chilundu chake cha ku tchalitchi. Anaima kunja kwa mpanda wa bwalo ku Chileka pamodzi ndi amayi ena odikira amuna awo. Dyton anatsogola kuchipata, monga anamulangiza mayi Emily, kuti alamu ake amve nkhaniyo kwa mwini wake asanaimve kwa ena.

Salome anawaona patali, a Solomon atatsitsa sutikesi pansi, Dyton akulankhula atavula chipewa. Analankhula nthawi yaitali. Kenako a Solomon anabwera pang'onopang'ono. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chivindikiro chopindika.

"Munthu wina wa ku komboni kwathu anachikhomera pamwamba pa bedi lake," anatero. "Amuna onse ankachiona. Ndinachizula ndekha."

"Munakhulupirira kuti ndinavula?"

A Solomon anayang'ana pansi. "Kwa kanthawi. Ndinabwera nditaganiza kale zoti ndikakusiyeni kwanu."

Mawuwo anamulasa Salome kuposa kuseka konse kwa a pabawo. A Solomon sanadziteteze. Anatola kamwala, n'kugwada pafumbi pomwepo ndi suti yawo yatsopano, n'kuyamba kupala pepala lija mpaka chinatsala chitsulo chokha.

"Ndinalakwa, amake Jenny. Ndikanayamba ndakufunsani."

"Mukanayamba mwandifunsa," anatero Salome. "Nonse."

Salome anapinda nkhata, n'kusenza sutikesi ija. A Solomon anafuna kuilanda, koma iye anali atayamba kale kuyenda. Anatenga njira ya kunyumba kwawo onse awiri, Dyton akutsatira kumbuyo.

Banja la Salome linapulumuka chifukwa iye sanathawe, wolakwa ananena zoona poyera, ndipo amayi anzake anakana kugula. Phunziro lake ndi ili. Munthu akavomera kujambulidwa, wavomera chokhacho chimene anauzidwa. Amene wasintha chithunzicho ndiye wolakwa, ndipo tisamuweruze mkazi tisanamufunse. Ojambula ndi ogulitsa asamavule akazi pa zitini, m'mabuku kapena pa zidole pofuna malonda, kaya nkhopeyo ndi yodziwika kaya ayi, chifukwa zithunzi zotere zimaphunzitsa ana athu kuona mkazi ngati katundu. Ndipo ife ogula tili ndi mphamvu. Katundu amene akunyoza akazi, tizimusiya pashelefu.