Kamera Imene Inabisa Neba

Kamera ija anaimata pakati penipeni pa galasi lakutsogolo la galimoto, moyang'anizana ndi mphuno yawo. Inali yaikulu ngati chikhatho, ya kasikirini kowala, ndipo waya wake ankalendewera pafupi ndi chiwongolero n'kukazengereza giya.

Mwini wake anali dalaivala wa takisi. Anzawo pasiteji ankawatcha a Pompopompo, chifukwa aliyense akawaimbira foni yankho linali limodzi: "Pompopompo ndafika." Kamerayo sanaigule chifukwa cha matama. Miyezi ingapo m'mbuyomo, munthu wina wa chigalimoto chachikulu anawakhula m'mbali, kenako n'kuwatembenuzira mlandu. Panalibe mboni. Wa chigalimotoyo anayankhula bwino atavala taye, ndipo onse anamva zake. A Pompopompo anabwerera kunyumba mtima ukuwawa, n'kulumbira kuti sadzayendanso opanda mboni.

Akazi awo anali telala. Tsiku lina anakwera nawo popita kukagula nsalu. Atangokhala pampando, anayang'ana galasi lija, n'kuyang'ana amuna awo.

"Abambo, kodi msewu mukuuona?"

"Msewu uwu ndingauyende nditatsinzina."

"Ndiye mwatsinzinadi. Chinthuchi chakhala pamaso penipeni. Bwanji osafunsa odziwa kuti chimakhala pati?"

"Ndifunse ndani? Ine ndayamba kugwira chiwongolero inu musanadziwe kulowetsa ulusi pasingano. Ikakhala apa ndimaona ndekha kuti ikujambula."

"Nanga wayayu? Akukukolani dzanja mukamasintha giya."

"Amayi, inu sokani madiresi. Za galimoto zisiyireni eni ake."

Mayiwo anangoti, "Chabwino, eni ake," n'kuyang'ana kunja.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mmisiri womanga nyumba ndi akazi ake. Mabanja awiriwa ankatunga madzi pampopi umodzi ndipo ankayanika zovala pachingwe chimodzi. Mvula ikayamba wina kulibe, mnzake ankamuanulira zovala. Khonde la a Pompopompo litang'aluka, amene anadzalikonza anali mmisiriyo, Loweruka lina, akuseka ndi kunena kuti amene analimanga poyamba anasakaniza simenti ndi malovu.

Ngozi inachitika m'mawa, dzuwa litatentha kale. Kampira komatira kamera kanali katafewa ndi kutentha kwa galasi, ndipo kamerayo inayamba kuweramira pansi. A Pompopompo anali pamphambano ya pafupi ndi kwawo, akufuna kukhota. Anatambasula dzanja kuti aiwongole. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kutsogolo anaona ngati kuli mbee, n'kuponda mafuta.

Anangomva phokoso la chitsulo ndi kukuwa kwa munthu.

Atatuluka, anapeza njinga itapindika pansi pa bampala. Levulo yoyezera khoma inali itathyoka pakati, zipangizo zomangira zili mbwee pamsewu. Munthu amene anagona pambali atagwira mwendo anali neba wawo.

Anamunyamula okha, n'kuthamangira naye kuchipatala. M'njira mmisiri sanatukwane. Anangofunsa, mano ali gwa ndi ululu:

"Aneba, ndinakukwezerani dzanja kukupatsani moni. Simunandione?"

 Kuchipatala anati mwendo wathyoka moipa, pafupi ndi bondo.

Tsiku lotsatira anapita kupolisi limodzi ndi akazi awo. Anawalandira mayi wina wapolisi wa pamsewu, wachikulire ndithu, wosakweza mawu. A Pompopompo anali atadzilimbitsa mtima.

"Bwana, ine ndili ndi mboni," anatero akutulutsa kakhadi ka m'kamera. "Munthu uja anangotulukira mwadzidzidzi. Muona nokha."

"Tionere limodzi," anatero wapolisiyo.

Anakalowetsa mu kompyuta. Mphambano ija inaoneka bwinobwino. Mmisiri anaoneka akubwera chapatali, akupalasa pang'onopang'ono kumbali yake. Anafika pafupi. Anamwetulira n'kukweza dzanja. Kenako chithunzi chinagwedezeka, zala zinaphimba mbali imodzi, ndipo panamveka mawu a mwini galimoto akuti, "Iwe kachinthu iwe, takhala bwino!" Zotsatira zake akazi awo sanathe kuonera. Anaphimba nkhope ndi mpango.

"Mwadzidzidzi muja ndi mmenemu?" anafunsa wapolisi.

"Koma ine ndinayang'ana, bwana. Ndikulumbira. Kunalibe munthu."

"Sindikuti mukunama. Tiyeni panja."

Galimoto inali pabwalo la polisi, kamera ikadali pomwe inali. Wapolisi anawauza kuti akhale pampando wawo monga amakhalira poyendetsa. Iye anapita kutsogolo, nayenda chobwerera pang'onopang'ono mpaka patali ndithu, n'kusunthira pambali pang'ono.

"Mukundiona?" anafuula.

A Pompopompo anayang'anitsitsa. Ankaona mpanda, mtengo ndi galimoto zina. Munthu wamkulu, wovala yunifolomu, anali atasowa kuseri kwa kachinthu kokwana m'dzanja. Anapendeketsa mutu, ndipo wapolisi uja anatulukira ali chiimire.



Wapolisi anabwerera n'kutsamira pazenera. "Chala chimodzi chimabisa nyumba yonse mukachiika pafupi ndi diso. Kamera inamuona neba wanu. Amene simunamuone ndi inu, chifukwa inaima pakati pa maso anu ndi iyeyo. Pamwamba pa apo, dzanja lanu ndi maganizo anu zinali pa kamera, osati pamsewu."

"Ndiye kuti makamerawa ndi oletsedwa?" anafunsa akazi a Pompopompo.

"Ayi, mayi. Ife timawakonda, amatithandiza kudziwa zoona. Chimene lamulo limakana ndi kuika chinthu chilichonse pamene chikutchinga dalaivala kuona msewu. Kaya ndi kamera, kaya foni, kaya chidole. Malamulo amasiyana pang'ono malo ndi malo, ndiye amene akukayika kapena akupita dziko lina ayambe wafunsa. Koma loti usadzitseke maso n'la paliponse."

Kenako analowetsa mkono n'kugogoda galasi m'mwamba, kuseri kwa kalilole woonera kumbuyo.

"Malo ake ndi awa. M'mwamba, kuseri kwa kaliloleyu, chakumbali ya pasenjala. Pamenepa mpobisika kale, ndiye kamera siikulandani kalikonse. Muonetsetse kuti diso lake lili pamene mawaipa amapukuta, apo ayi mvula ikagwa mudzajambula madontho okhaokha. Galasi mulipukute liwume musanamate, ndipo mugule chomatira cholimba, osati kampira kofewa ndi dzuwa aka."

"Nanga pamwamba pa dashibodi?" anafunsa a Pompopompo ndi mawu otsika.

"Musaike pamene pamatulukira thumba la mpweya lija lotchinjiriza munthu pangozi. Likaphulika, kamera imasanduka mwala wolasa kumaso. Waya nayenso asalendewere. Adutse m'mphepete mwa denga, atsikire m'mbali mwa galasi, abisike. Ngati m'mbalimo mulinso thumba la mpweya, pitani kwa wodziwa mawaya a galimoto kuti awadutsitse kuseri kwake. Kasikirini kazizima mukamayenda, si kanema woti muziwonera. Mukafuna kuikonza, imani kaye pambali. Ndiponso poti mumanyamula anthu, muziwauza kuti muli kamera. Ngati ikujambula ndi mawu omwe, adziwe, kapena muzimitse mawuwo."

Zonsezi zinali zosavuta. N'chimene chinawapweteka kwambiri. Zinali zoti munthu akanawauza ataima pakhomo, tiyi asanazizire n'komwe.

"Safunsa anadya phula," anatero wapolisi. "Koma apa phula mwadyetsa mnzanu. Mlandu wa ngoziwu uyenda m'njira yake, ndipo mukauyankha. Galimotoyi musaiyendetse kufikira mutakonza zimenezi, ine n'kuziona ndi maso anga."

Galimoto anachita kuikoka mpaka kunyumba. Kumeneko kunazizira ngati pamaliro. Akazi a mmisiri anasiya kutunga madzi nthawi imodzi ndi anzawo. Anamanga chingwe chawochawo cha zovala mbali ina ya nyumba. A Pompopompo atapita kukapepesa, mayiwo anawalandirira pakhomo, osawapatsa mpando.

"Pepani ndamumva," anatero. "Koma pepani sakwera makwerero. Amuna anga ntchito yawo ndi ya m'mwamba, pakhoma. Adokotala akuti bondolo silidzapindikanso ngati kale. Inu munagula mboni yoti izikutetezani kwa anthu achinyengo. Nanga ife tinakunamizani chiyani?"

Anabwerera mutu uli pansi. Atafika, anazula kamera ija pagalasi, natenga hamala.

"Mukufuna kutani?" anafunsa akazi awo ali pamakina osokera.

"Ndiiphwanye. Yandipereka."

"Yakuperekani? Yanena zimene inaona. Mumafuna mboni yoona, mwaipeza." Anaimitsa makina. "Ndinakufunsani ngati msewu mukuuona. Munandiuza kuti ndisoke madiresi. Ndasoka. Tsopano ikani hamalayo pansi, musaphwanye chinthu chosalakwa. Mawa muitane wa mawaya."

Anaika hamala pansi.

Wa mawaya anabwera kunyumba komweko. Anapukuta galasi, namata kamera kuseri kwa kalilole, nabisa waya yense mpaka osaonekanso. A Pompopompo atakhala pampando wawo, anadabwa kukula kwa galasi. Anali ataiwala kuti msewu ndi wotakata chonchi. Wapolisi uja atabwera kudzaona, anakhala yekha pampando wa dalaivala, nayang'ana mbali zonse, nagwedeza kamera kuti aone ngati yalimba.

"Apa ndiye mwakhoza," anatero.

Mlandu unatha patapita nthawi, ndipo chilango chawo anachilandira osatsutsa. Atabwerera pasiteji, anayamba kuona zimene kale sankaziona. Wina anamata foni pamaso penipeni. Wina kamera inali pansi pakona, mbali imene anthu oyenda pansi amatulukira. Anzawo poyamba anawaseka.

"A Pompopompo asanduka a trafiki!"

Iwo sanakangane nawo. Ankangomuuza munthu kuti akhale pampando wake, iwo n'kukaima kutsogolo, n'kufunsa ngati akuwaona. Kuseka kunkathera pomwepo. Mwezi usanathe, magalasi a pasiteji yonse anayera, ndipo akuluakulu a pasitejipo anagwirizana kuti galimoto yotchinga maso isamanyamule anthu.

Mmisiri anatuluka m'chipatala ndi ndodo. Ntchito anayambanso, koma ya pansi: kuyala maziko ndi kuloza anzake akamakwera. Kwa nthawi yaitali ankakana kukwera takisi ya neba wake popita kukaonetsa mwendo, ngakhale kuti inkaima pageti m'mawa uliwonse wa tsiku lachipatala, chitseko chili chotsegula. Tsiku lina kunagwa mvula yamphamvu, ndipo anakwera.

Ananyamuka. Mawaipa okha ndi amene ankamveka. Atadutsa mphambano ija, mmisiri anayang'ana galasi lonse.

"Chinthu chija munataya?"

"Chilipo, aneba. Chili kuseri kwa kaliloleyu."

Mmisiri anaweramira kutsogolo, naiona. Anasisita bondo lake.

"Malo analipo nthawi yonseyi," anatero.

"Analipo."

"Mukanayambira pamenepa."

A Pompopompo anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali pamsewu, n'kumufikitsa bwinobwino pakhomo la chipatala.

Phunziro lake ndi ili: kamera ya m'galimoto ndi yothandiza, koma ikhale pamalo ake. Iikeni m'mwamba, kuseri kwa kalilole, pamene mawaipa amafika, kutali ndi matumba a mpweya. Bisani waya, musaigwire galimoto ikuyenda, ndipo funsani apolisi a pamsewu zimene lamulo la kwanuko likunena. Kufunsa kumatenga kanthawi kochepa, koma mwendo wa munthu ukathyoka subwereranso mwakale.